Lobiriwira Kapena Lachikasu

Zipora anayala mabolodi awiriwo patebulo, lina kumanzere lina kumanja, monga mmene nyuzipepala imaikira zithunzi ziwiri zofanana n'kuuza owerenga kuti apeze kusiyana kwake. Masewera oterewa ankawakonda kuyambira ali mwana. Tsiku limeneli sankawakonda.

Kompyuta ya pasukulupo, imodzi yokhayo, inali pambali pake, chivundikiro chitachotsedwa. Inali ya kabokosi kakang'ono kogona, mphatso yochokera ku mpingo wina wakunja. Mphenzi ya mvula zoyamba inalowa ndi waya wa magetsi n'kuotcha bolodi lake, kathabwa kopyapyala ka m'kati kamene ziwalo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo. Mabolodi aang'ono okwana m'kabokosi kotero anali osowa. Ku Lilongwe Zipora anayenda sitolo ndi sitolo osapeza. Anakawapeza ku Nathenje, kwa Madalo, mnzake wa ku koleji amene digiri yake inamutula m'kanyumba ka m'mbali mwa msewu, akukonza mawailesi ndi makompyuta.

"Tenga onse awiri," Madalo anamuuza. "Mtengo ndi umodzi, msinkhu ndi umodzi. Ukasankhe wekha, linalo ubweze."

"Nanga kusiyana kwake?"

"Lina ndi lobiriwira, lina lachikasu. Zotsalazo ukaone. Wa masamu si iwe?"

Ndiye anali kuona. Mabowo a mabauti anali pamalo amodzimodzi. Khomo la pulinta linalipo konsekonse. Malo olowetsa memore, kachiwalo kothandiza kompyuta kukumbukira zinthu, anali ofanana. Atatopa, ananyamula lobiriwira n'kulipendeketsa cha kuwindo, ndipo kuwala kunamuululira. Pabolodi lililonse panaima timigolo ting'onoting'ono totchedwa makapasita. Pa lachikasu tonse tinali tosalala pamwamba. Pa lobiriwira titatu tinali titatupa ngati nkhupakupa zokhuta magazi, ndipo kena kanali katayamba kutulutsa dzimbiri. Bolodi lotere limayaka bwinobwino lero. Limayamba kuzimazima lokha pakapita miyezi, kenako limangogona osadzukanso.

Akanasangalala kuti wapeza yankho, koma m'mutu mwake munali mawu a ahedi, a Chimwaza. "Makolo asonkha kamodzi, sasonkhanso," anamuuza choncho sabata yathayo. "Ikafanso, phunziro lanu la kompyuta lathera pomwepo. Chipindachi tibwezeramo makasu ndi mawilibala." Ophunzira a Zipora a Fomu 3 anali atatha teremu yonse akutayipa pamakatoni amene iye anawajambula mabatani.

Anapita ku ofesi. "Ahedi, ndasankha. Tiika lachikasu."

A Chimwaza anavula magalasi pang'onopang'ono. "Mwasankha? Nokha?"

"Ndi nkhani ya luso chabe."

"Ndi ndalama za makolo. Zipite kukomiti. Si inu nomwe munatiphunzitsa?"

Chaka chathacho, ahediwo atagula penti osafunsa munthu, ndi Zipora amene anaimirira pamsonkhano n'kunena kuti nthawi ya munthu mmodzi kuganizira anthu onse inatha ndi chipani chimodzi. Makolo anawomba m'manja. Iye anabwerera kunyumba akudzimva.

Komiti inakumana Lachisanu masana, mitambo itadetsa kumwamba kwa Mitundu. Ovota anali asanu ndi awiri: ahedi, achiwiri awo, ndi makolo asanu. Wapampando anali a Efulemu Kachere, mlimi wa fodya wa mawu aakulu, amene ankavala jekete ngakhale kutenthe. Msungichuma anali mayi Eneless, ogulitsa tomato mumsika. Zipora analibe voti. Ntchito yake inali kufotokoza.

Anafotokoza. Anayerekeza timigolo tija ndi nkhokwe zazing'ono zosungira magetsi. Anayendetsa bolodi lobiriwira m'manja mwa aliyense kuti aone kutupako.

"Ndiye inu mukuti totupati ndi toipa?" anafunsa bambo wina wa pakona.

"Eya, bambo."

"Koma kwathu chonenepa ndiye timagula."

Anthu anaseka. Zipora anamwetulira ndi mano okha.

A Kachere sanaseke. Anali atayang'anitsitsa bolodi lachikasu ngati njoka yopezeka m'chigafa. Anakhosomola. "Aphunzitsi, mwalankhula bwino, ndipo sukulu munapitadi. Koma chaka chino ndi cha chisankho. Meyi sali kutali. Ndiye mawa anthu amve kumsika kuti makolo a kuno asonkha thukuta lawo n'kugula chachikasu?"

Apa m'pamene Zipora anazindikira zimene aliyense m'chipindamo anaona kalekale. Chikasu unali mtundu wa chipani cholamula. Kubiriwira unali mtundu wa chipani chimene anthu a kuderali ankachikonda. Iye anakhala tsiku lonse akusakasaka kusiyana kobisika, pamene kusiyana koonekeratu kunali kukuwa patebulo.

"A Tcheya, ili ndi bolodi. Linapangidwa kutsidya kwa nyanja ndi anthu amene Mitundu sanaimvepo. Ndiponso likhala m'kati. Palibe adzalione."

"Cha m'kati ndiye choopsa," anayankha a Kachere. "Nankafumbwe amakhala kunja kwa chimanga?"

"Koma lobiriwirali lifa."

"Lafa?"

"Silinafe, koma lidzafa."

"Tonsefe tidzafa, aphunzitsi."

Ahedi anakweza chala. "Ine, monga wogwira ntchito m'boma, ndilibe mbali. Komabe ndikaliyang'ana lachikasuli, likuoneka lolongosoka." Achiwiri awo anagwedeza mutu mwachangu. Onse awiri sanaliyang'ane n'komwe. Kumapeto kwa mwezi anali kuyembekezera kuitanidwa ku ofesi ya maphunziro pa nkhani ya kukwezedwa, ndipo makoma a sukulu ali ndi makutu. Zipora anakwiya. Kutsutsidwa pa chifukwa cholakwika kunali kowawa, koma kuvomerezedwa pa chifukwa cholakwika kunaposa.

"Tivote," anatero a Kachere. "Olifuna lobiriwira, manja m'mwamba."

Dzanja lawo linakwera loyamba, maso awo akuyendayenda pankhope za anzawo. Manja ena anayi anatsatira, la mayi Eneless pomalizira, litangofika paphewa. Lachikasu linapeza manja awiri a aphunzitsi aja.

"Asanu kwa awiri. Anthu alankhula," anatero wapampando. "Ndipo popeza masiku ano zinthu zimasintha usiku, mayi Eneless akhala oyang'anira. Akaone ndi maso kuti lalowa ndi limene lapambana."

Mvula inayamba iwo akuimirira. A komiti anathamangira m'chipinda cha aphunzitsi kukadikira kuti ikate. Zipora ananyamula mabolodi ake kubwerera kuchipinda cha kompyuta, oyang'anira ali pambuyo.

Mayi Eneless anakhala pabenchi, namanga bwino chitenje. Zipora anatulutsa sikuludiraiva, naika bolodi lobiriwira pafupi ndi kabokosi, koma manja ake anakana kupitirira.

"Mwanangu," anatero mayiwo motsitsa mawu, "Loveness wanga ali m'kalasi mwanumo. Katoni ija amagona nayo kumutu."

"Ndikudziwa, mayi."

"Ine tomato wotupa ndimamudziwa. Sachedwa. Kungoti a Kachere amandiyang'ana, ndipo munda umene ndikulima ndi wa alamu awo." Anatembenukira kuwindo. "Mvulayi ikundisangalatsa. Ndikhala ndikuionera. Inu ikani limene mukulidziwa. Linalo tikulunga m'nyuzipepala, ndani akafunyulule?"

Zipora anayang'ana msana wa mayiwo, kenako bolodi lachikasu. Inali ntchito yaing'ono. Mabauti ochepa, mawaya ochepa, chivundikiro pamwamba. Kompyuta ikanakhala zaka. Loveness akanagwira mabatani enieni mpaka kumaliza Fomu 4. A Kachere akanamasisita kabokosiko monyadira, osadziwa kanthu, ndipo palibe akanavulala.

Analigwira. Linali lopepuka, loyera, lopanda banga.

Koma iye ndi amene anathamangitsidwa ndi utsi wokhetsa misozi ku Zomba ali pakoleji, akuimba kuti voti ya munthu isaseweretsedwe. Aliyense wobera chisankho amakhala ndi yankho lokhoza m'thumba mwake. Amadziwa bwino kuposa anthu, n'chifukwa chake amawathandiza kuwerenga mavoti. Kodi iye akanasiyana nawo pati? Pa makapasita atatu?

Analibweza patebulo mokwiya, ngati lamuluma. Ndipo pomwepo mutu wake wa masamu unagwira kanthu. Vuto silinali anthu. Vuto linali njira. Ngati mayi Eneless anakweza dzanja chifukwa cha maso a wapampando, enawo bwanji? Makolo atatu otsalawo anaona kutupako ndi maso awo. Pakanafunika mmodzi yekha mwa iwo. Ahedi, achiwiri awo, mayi Eneless, kuwonjezapo mmodzi: anayi kwa atatu.

"Mayi, tiyeni."

"Kuti?"

"Kukavota bwino."

Anadutsa pabwalo mvula ikuwamenya. M'chipinda cha aphunzitsi a komiti anali kumwa tiyi. Zipora anaima pakhomo, madzi akutsika m'tsitsi.

"A Tcheya, chisankho chija sichinayende mwa demokalase. Kukweza manja ndi za kale. Voti ya masiku ano ndi yachinsinsi."

A Kachere anaika kapu pansi. "Olephera sasowa chonena."

"Mukuopa chinsinsi?"

"Ine? Efulemu?" Anaseka mpaka jekete linagwedezeka. "Bweretsani chinsinsi chanucho."

Anapeza zitini ziwiri za mkaka waufa, naziboola pachivundikiro ndi msomali. Mlonda anapereka nyemba za ndiwo zake. Zitinizo anaziika mu ofesi ya ahedi, china pambali pa bolodi lobiriwira, china pambali pa lachikasu. Aliyense analowa yekha ndi nyemba imodzi m'manja, natseka chitseko. Malata ankasokosera kwambiri moti palibe akanamva kumene nyemba yagwera. Zipora anaima panja manja atapinda, mtima uli m'malo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Njirayo inali yokongola. Inalibe pobowoka.

Anakhuthula zitini pamaso pa onse. Cha lobiriwira chinatulutsa nyemba zisanu ndi imodzi. Cha lachikasu chinatulutsa imodzi, imene inagubuduzika patebulo n'kukaima m'mphepete.

Panalibe chovuta kuwerengera. Nyemba imodziyo inali ya mayi Eneless, amene anali kuyang'ana kudenga. Makolo atatu aja sanaope munthu, anavota zimene ankafuna. Ndipo nyemba ziwiri zatsopanozo zinali ndi eni ake. Zipora anatembenukira kwa ahedi. A Chimwaza anali otanganidwa kupukuta magalasi. Achiwiri awo anapeza kanthu kochititsa chidwi pansi pa kapu.

"Ahedi," anatero.

"Voti ndi yachinsinsi, aphunzitsi," anayankha osadzutsa mutu.

"Mwatithandiza kwambiri," anatero a Kachere, akumugwira chanza ndi manja awiri. "Poyamba tinali ogawikana. Onani tsopano umodzi." Anatenga bolodi lachikasu, nalikulunga okha m'nyuzipepala, nalilowetsa m'kati mwa jekete. "Ili ndikasiya ndekha ku Nathenje. Ndili ndi ulendo wa kumeneko mawa."

Pobwerera kuchipinda cha kompyuta mvula inali itakata. Matope ofiira ankakakamira kunsapato. Mayi Eneless ankayenda patsogolo atanyamula masilipasi m'manja.

"Ndinakuuzani kuti ndiyang'ana panja," anatero osatembenuka.

"Munandiuza."

"Walira mvula walira matope."

"Ndamva, mayi."

Ulendo uno mayiwo sanayang'ane kuwindo. Anakhala pafupi, akuonerera Zipora akukhazika bolodi lobiriwira m'kabokosi. Linakwana bwino lomwe, zimene zinamukwiyitsanso. Analumikiza mawaya mmodzimmodzi, nalowetsa memore, nadina batani. Kafani kanazungulira. Kompyuta inalira kamodzi, ndipo zilembo zoyera zinatuluka pagalasi.

"Yayakatu," anatero mayi Eneless.

"Yayaka."

"Ndiye itha liti?"

"Sindikudziwa. Mwina Isitala, mwina Juni. Mukamuuze Loveness abwere mawa m'mawa, auzenso anzake onse. Loweruka lililonse tizikhala muno, ndi masana onse akaweruka. Makatoni asiye kunyumba."

Mayiwo anagwedeza mutu, navala masilipasi awo, natuluka.

Zipora anatsala yekha ndi kulira kwa kafani. Anasuzumira m'kati komaliza. Timigolo titatu tija tinali chiimire pamzere, mimba patsogolo, ngati opambana akudikira kulumbiritsidwa. Anaika chivundikiro. Mwa mabauti anayi anamanga awiri okha, osalimbitsa, ndipo sikuludiraiva anaisiya pamwamba pa kabokosi pomwepo.