Riviyu ya Kalipentala

"Sindipita," anatero kalipentala uja, akulongedza sowo, hamala ndi puleni m'chikwama ndi dzanja lamanzere. "Adokotala anandiuza kale kuti dzanja ili latha ntchito."

Makina ochekera matabwa anali atamuvulaza dzanja lamanja, zala zitatu n'kuuma gwa. Chichokereni kuchipatala, mkuluyo mtima unali utasweka. Madzulo a tsikulo mlamu wake, amene ankazimezera mate zipangizozo kuyambira kalekale, ankabwera kudzazitenga. Tsiku lomwelonso ndi limene achipatala anamuuza kuti abwerere ku riviyu.

Mwana wake wamkazi anaima pakhomo, manja ali m'chiuno.

"Bambo, kodi riviyu mumati n'chiyani?"

"N'chizungu chokuuza nkhani yoipa kachiwiri, utakhala pabenchi mpaka msana kupweteka."

"Ayi. Ndi kuonanso chinthu mwatsopano, kuti mwina zasintha. Thabwa lija munalitaya kuseri kuti ndi lopindika, si munakaliyezanso litauma n'kupangira chitseko chino? Imene ija inali riviyu."

"Dzanja si thabwa, iwe."

"Nanga misomali mumamwaza patebulo m'mawa uliwonse, n'kumatola umodziumodzi uku mukuitukwana? Mumayesa sindikuonani?"

Mkuluyo anachita manyazi ngati wagwidwa akunyambita shuga. Anavala jekete akung'ung'udza, ndipo anang'ung'udza njira yonse ya kuchipatala, mwana wake ali pambuyo.

Adokotala anali mayi yemwe uja anamuuza nkhani yoipa. Anatembenuza dzanjalo uku ndi uku, n'kupereka lawo.

"Tandifinyeni, bambo. Musaope."

Kalipentala anafinya.

"Mayo! Basi, basi! Nanenso ndili ndi ntchito ndi dzanja limeneli!"

Asanauzidwe china, mkuluyo anapisa m'thumba, n'kutulutsa kamsomali kakang'ono, n'kukaimika patebulo pakati pa zala ziwiri. Sikanagwedezeke ngakhale pang'ono.

Adokotala anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anamwetulira. "Mawu anga aja ndabweza. Yambani ndi tintchito topepuka, koma makina aja ayambe adikira."

Mwana uja misozi inalengeza. Bambo ake ankangoyang'ana kudenga, kubisa chimwemwe.

Atafika kunyumba anapeza mlamu atakhala kale pampando, chikwama cha zipangizo chili pamiyendo, akuchisisita ngati khanda.

"Pepani kwambiri alamu, za dzanjali," anatero ndi nkhope yachisoni yomwe sinkamukhala. "Ndizisamala ngati zanga."

Kalipentala anatambasula dzanja lamanja, n'kugwira chikwamacho, n'kuchinyamula ndi zitsulo zake zonse.

"Nkhani ya zipangizo ija, alamu, taichita riviyu."

"Mwaichita chiyani?"

"Akufotokozerani mwanayu, ndiye mphunzitsi wake. Inu tadzukani kaye. Mpando mwakhalirawo wakhala ukugwedera chivulalireni ine."

Mlamu anadzuka kukamwa kuli yasa. Kalipentala anagadabuza mpandowo, n'kuimika msomali ndi dzanja lamanja lija.

"Iwe," anaitana mwana wake, "tandipatsa hamala."