Ludzu la Moncef pa Mars

Moncef anakalambira m'mafilimu a azungu akusewera ngati chilombo cha kumlengalenga, nkhope itakutidwa ndi mphira. Ngakhale mayi ake omubereka sanamuzindikirepo pa kanema. Tsopano, imvi zili mbuu, ankajambula filimu yakeyake pa chigwa cha mchere kunja kwa tauni ya Tozeur. Wolemba anali iye, wotsogolera iye, munthu wokafera ku Mars iye yemweyo, poti wina aliyense akaona zovala za munthuyo ankangoti ali ndi zochita.

Panatsala gawo lomaliza: munthuyo agwe ndi ludzu, aitane, pasabwere aliyense. Mutu wonse wa filimu unagona pamenepo, woti m'chilengedwe chonsechi munthu ali yekhayekha. Ndipo kamera, poti inali yobwereka, inkayenera kubwerera ku mzinda wa Tunis tsiku lomwelo.

Anavala chipewa cha njinga yamoto ndi ovolosi yomata mapepala onyezimira a kukhitchini, n'kudzigwetsa pamcherepo ndi luso lake lonse.

"Madzi! Madzi!"

Anangomva dzanja likumudzutsa mutu. Anali Belgacem, mkulu woweta ngamila cha komweko, thumba lachikopa la madzi lili m'manja.

"Imwani pang'onopang'ono, m'bale wanga."

"Aaa, bambo inu! Kuno ndi ku Mars!"

"Kaya ndi kuti, koma mwati madzi."

Lotfi, mlamu wa Moncef amene ankajambula, anaseka mpaka kukhala pansi. Anamufotokozera mkuluyo kuti ndi sewero chabe, n'kumuuza kuti alumbire kuti sasunthanso. Belgacem anakana kulumbira. "Kuno munthu akaitana madzi sitimufunsa ngati akusewera," anatero, koma anapita kukakhala kwa ngamila zake.

Pomwe ankayambiranso n'kuti dzuwa lili paliwombo. M'chipewamo munali ngati mu uvuni. Moncef anakwawa, mchere ukumuthobwa m'maso, lilime litauma gwa, kenako dziko linayamba kuzungulira. Anaitana madzi, ulendo uno zenizeni.

"Eyaa, alamu! Momwemo!" Lotfi anakuwa. "Lero ndiye mwasewera! Musadzuke!"

Kudzuka akanadzuka bwanji? Anachita mantha, komanso manyazi: munthu wamkulu kufa atavala mapepala okulungira nkhuku, mlamu akumuchemerera.

Anatsitsimuka madzi akuyenderera m'khosi, mutu uli pamwendo pa Belgacem, ngamila ikumununkhiza nsapato. Kamera inali itajambula zonse, ndipo batire linali litatha.

Filimu inatuluka choncho, ndi ngamila yomwe. Tsiku loionetsa ku Tozeur, anthu anaombera m'manja Belgacem yekha. Moncef zinamuwawa, tisaname. Itatha, mtolankhani wina wa ku Tunis, maso ali ndi misozi, anamufunsa kuti nzeru yozama chonchi, yoti ngakhale ku Mars munthu amabwera kudzakupatsa madzi, anaitenga kuti.

Moncef anayang'ana mkuluyo, yemwe ankadya zipatso za kanjedza pampando wakutsogolo.

"Ine ndinalemba kuti sabwera aliyense," anatero. "Mwayi wanga, bambo awo sanawerenge."