Tsiku Limene A Gilibati Anabereka Mwana

George atabwera kuchokera ku Joni ndi mwana wake Memory, chimwemwe pakhomo sichinakhalitse. Kamwanako, ka zaka zinayi, sikankamva Chichewa. Agogo ake aamuna, a Gilibati, akatambasula manja awo othimbirira ndi fodya, iko kankathawira kumbuyo kwa bambo ake. Tchuthi chinkatha, mdzukulu osawakhudza n'komwe.

Elube, mlongo wake wa George, ankangoyang'ana. Anali atalemba kale mayeso a Fomu 4, koma m'kalasi sanayankhepo funso la Chingerezi mokweza.

Masana ena Elube akusoka fodya m'chigafa cha pa esiteti, bambo ake, a Gilibati, anamusendera pafupi.

"Iwe wasukulu, tandiuza. Kamdzukulu kangaka kamangoti keri, keri kwa bambo ake. N'chiyani chimenecho?"

"Ndi carry, ababa. Kunyamula."

"Basi?"

"Ayi. Kusenza mtolo pamutu ndi carry. Thumba la feteleza paphewa, carry. Minibasi ikadzaza anthu pa Nathenje, nayonso ikuchita carry." Anakumbukira kuti amanenanso choncho za mayi woyembekezera, koma limenelo analimeza. Si nkhani youza bambo.

"Nanga kubereka kumbuyo?"

"Ndi lomwelo."

"Koma Azungu ulesi! Ntchito zonsezi liwu limodzi?"

Elube anaseka mpaka singano inagwa. Kuyambira pamenepo a Gilibati akanyamula mkangala wa fodya ankauuza kuti, "Keri," ndipo mwana wawo ankawakonza monong'ona.

Tsiku lobwerera litafika, onse ananyamuka kuperekeza alendo ku siteji ya Mitundu. George anali ndi zikwama manja onse. Pafupi ndi msika Memory anakhala pansi pafumbi, n'kuyamba kulira.

"Carry me!"

A Gilibati analimva liwu lawo lija. Anatsegula pakamwa, koma silinatuluke. Anayang'ana Elube ngati munthu wopempha madzi.

Pamthunzi panali anyamata a kabaza, maso onse ali pa iwo. Komabe Elube anagwada pafumbipo, nayankhula mokweza kuti mwanayo amve: "Agogo will carry you. Go."

Kenaka anamasula chitenje chake chapamwamba n'kupatsa bambo ake. Mkuluyo ananjuta, msana kulozetsa kwa mwana. Memory anasiya kulira, anayang'ana azakhali akewo, anayang'ana msana uja, n'kukwera. A Gilibati anamanga chitenje pachifuwa monga amachitira amayi, mfundo yake yokhota.

"Madala, mwasanduka amayi lero?" anakuwa wa kabaza wina. "Muyamwitsanso?"

"Seka, mphwanga! Wako mwana amakudziwa?" anayankha a Gilibati.

Anadutsa pakati pa msika choncho, mwana atawagwira makutu, iwo akungoti, "Keri, keri," iye n'kumaseka. Pa siteji anachita kumunyengerera kuti atsike.

Pobwerera Elube ndi bambo ake anayenda mpaka fodya wa pa esiteti atayamba kuoneka. Ndipamene a Gilibati anapinda chitenje chija bwinobwino n'kumupatsa ndi manja awiri, ngati akupatsa munthu wamkulu.

"Zikomo, mwana wanga. Ndikanafa ndisanamumve kulemera kwake."

Elube anangoyang'ana pansi. Ankafuna kuwauza kuti woyenera kuthokoza ndi iyeyo, poti iwo ndi amene anali oyamba kumufunsa kanthu n'kudikira mpaka ayankhe. Manyazi anamugwira. Anangolandira chitenjecho, chikadali chofunda, n'kunena kuti, "Mawa ndidzakuphunzitsani liwu lina, ababa."