Kamzere Kakuda Pakhosi la Gitala

Kalipentala wamkulu analibe nayo ntchito jigi ya mng'ono wake, kachipangizo kothandizira kugoba thabwa, mpaka tsiku limene mwana wake wamkazi analowa mushedi, n'kumudutsa iye bambo womubereka ngati akudutsa mpando, kukaima pabenchi la kuseri.

"Bambo aang'ono, mundipangireko gitala. Zanu zija khosi lake siligwedera."

Mkuluyo mtima unamuwawa zedi. Zaka makumi awiri akugoba malo olowetsa khosi la gitala ndi tchizulo, manja mpaka kuuma gwa. Nanga mng'ono wakeyo anamuphunzitsa ndani kugwira hamala? Lero wangokhomakhoma tizidutswa ta pulayiwudi, waboola bowo pakati, akuti jigi. Akaipanikiza pathabwa, makina ogobera otchedwa rauta n'kumagoba motsatira bowolo, mphindi zitatu ntchito yatha. Basi, munthu wasanduka katswiri.

"Gitala yako ndipanga ndine," anatero mkuluyo, "ndi thabwa lija anasiya agogo ako."

Thabwalo linali limodzi lokha, ndipo abale awiriwa analisunga kudenga chimwalirireni bambo awo, osayerekeza kulikhudza.

"Ndiye tengani jigi yangayi, achimwene, ndikusonyezeni mmene imayendera," anatero mng'onoyo.

"Unayamba liti kundiphunzitsa iwe?"

Koma nsanje ilibe manyazi. Masana mng'ono wake atapita kukagula guluu, mkulu uja ananyang'ama ndi tepi, n'kuyeza bowo la jigi ija m'litali ndi m'lifupi, maso ali kukhomo. Masiku awiri anakhoma yake. Anaipala bwinobwino, mpaka kuipaka vanishi, ngati kuti jigi imapita ku ukwati.

Safunsa anadya phula. Bowo la jigi ya mng'ono wake linali lalikulu dala, chifukwa rauta yake inali ndi kamphete kotalikitsa mpeni wake ndi m'mphepete mwa bowolo. Rauta ya mkuluyo inalibe kamphete, mpeni unkayenda m'mphepete mwenimweni. Atagoba thabwa lija ndi jigi yakeyo, n'kuzimitsa makina n'kuuzira utuchi, anaika khosi lija, ndipo linangoti gwedegwede. Mbali zonse ziwiri panatsala mpata woti n'kulowa kamtengo ka machesi.

Anakhala pansi pa utuchi pomwepo. Thabwa la bambo ake, lomwe analilonjeza mwana wake, analiwononga yekha.

Mng'ono wake anabwera, n'kuyang'ana bowolo, n'kuyang'ananso jigi yonyezimira ija. Akanangoseka bwenzi zili bwino, munthu akanapeza pomukalipira. Koma ayi, anatola kachidutswa ka mtengo wakuda, n'kuchekapo timizere topyapyala, n'kutimata m'mbali mwa bowolo. Guluu atauma, khosi linalowa n'kugwira nganganga, kamzere kakuda katalizungulira ngati wina anachita kukonzera dala.

Gitala itatha, mtsikana uja anabwera kudzaitenga. Anaiimba pang'ono, anaitembenuza uku ndi uku. Bambo ake anadikira kuti aone thupi lake mmene linasalalira, poti pamenepo anapalapo sabata yathunthu. Iye chala chake chinangopita pakamzere kakuda kaja.

"Ababa, apa ndiye mwaonetsa ukatswiri. Pepani ndinakuderani. Bambo aang'ono, inu zoterezi mungathe?"

"Ine? Ayi," anayankha mng'onoyo osadzutsa mutu pabenchi. "Bambo ako ndi akale pantchitoyi."

Mkuluyo anatsegula pakamwa. Choonadi chinafika pammero, koma mwanayo ankamuyang'ana ndi maso amene iye anakhala akuwafuna masiku onsewa.

"Eya, panali kantchito pamenepo," anatero.

Chiyambire tsikulo, mlendo aliyense wofika pakhomo amayamba waonetsedwa kamzereko asanapatsidwe ndi mpando womwe. Anthu amayamikira, ena mpaka kufunsa kuti anakaganiza bwanji, ndipo mkuluyo amati zikomo. Kushedi amalowa m'mawa uliwonse, mng'ono wake n'kumupatsa moni mwaulemu monga kale, osatchulako kanthu. Ulemu umenewo ndi umene sanamukhululukire mpaka lero.