Mbasela pa D

Zotsatira za mayeso zinatuluka Lachiwiri, ndili pa tebulo la tomato la amama mu maliketi ya Mtendere. Ndinatsegula foni kuti ndizione. Makosi anayi ndinakhoza. Yachisanu, ya masamu: D+.

Kwathu ku yunivesite D+ ndi kulephera, kungoti amakulola kulembanso kamodzi, mayeso amene timati sapu. Ukagwanso pamenepo supita chaka chachitatu, ndipo pepala la loni ya sukulu limene ndinasaina limanena mosabisa: wosapita patsogolo, loni amamudula. Tomato angalipire yunivesite?

Amama anandilanda foni. Sukulu analekera giredi faivi, koma kamtanda ka pambali pa D kaja anakaona, nandifunsa tanthauzo lake. Ine wopusa ndinangoti pulasi ndi kuwonjezera. Amama anafuulira anzawo, akundiloza.

“Kansi ni mbasela! Virginia bamuikilako mbasela!”

Mayo ine. Dzuwa lisanapendeke mzere wonse wa tomato unali utamva, mpaka ba Mukupa a makala anandipatsa Fanta. Ndinamwa, ndikanatani?

Sapu inali Lolemba. Koma poti mwana wakhoza, amama anati ndiwagwirire tebulo sabata yonse, iwo apumitse msana. Lachitatu ndinagulitsa. Lachinayi ndinabisa buku pansi pa saka, ndikawerenga mzere umodzi wina wafika kale, ati tomato zingati. Ndinkakhala, kuimirira, kukhalanso. Makasitomala ndinkawakalipira popanda chifukwa. Ndinadana ndi aliyense, makamaka ine mwini.

Lachisanu amama anabwera kudzaona malonda, atanyamula chitenge chatsopano choti ndikavale ku tchalitchi pokachitira umboni. Pamenepo ndinalephera kupirira. Ndinawauza zonse, za sapu, za loni, za masiku atatu amene ndinataya poopa kuwachititsa manyazi. Ndinalira pamaso pa anthu ngati kamwana.

Anatola tomato mmodzi, namupukuta mobwerezabwereza. Kenaka anafunsa ngati onse olephera amapatsidwa kamtandako. Ndinati ayi, ena amangopatsidwa D, basi kwatha.

“Manje ulila chani? Ine mbasela sinipasa aliyense. Nipasa wamene nifuna abwelenso.”

Anandimasula epuloni m’chiuno, nasolola buku langa pansi pa saka, nalikuntha dothi.

“Yenda ukabelenge. Ba Mukupa nizabauza neka.”

Anakhala pa kampando ka pa tebulopo pang’onopang’ono, dzanja lili pamsana. Ine ndinathamangira kukakwera basi.