Udzu Wogwira Phiri la Bangwe

Hawkins Namaona anaimika lole yake pamwamba pa mtsetse wa phiri la Bangwe, natsika atavala nsapato zoyera zogula ku Joni. Amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu anaika pansi hamala zawo n'kumuzungulira.

"Amayi anga, mtsetse wonsewu ndagula ine," anatero atatambasula manja ngati mlaliki. "Ndayenda ine! Ku Bulawayo ndadyako, ku Kitwe ndagonako, ku Beira ndasamba madzi amchere. Sindinaone kwina komwe anthu amasauka chuma chili pakhomo. Udzuwu zulani, mukamange masache. Tizitsambati ndi nkhuni, kumbani ndi mizu yomwe. Matipate ndi amenewa, palibenso wokufunsani khadi."

Nthungululu zinamveka mpaka kumsika.

Mtsetsewo sunali wokongola. Mwala wake unali wotuwa, wa magawomagawo, woti ukauponda umafumbutuka n'kuyoyokera kumunsi ngati makoko a mtedza. Chimanga chinakanapo, bulugama anakanapo. Panamera zolimba mtima zokha: zitsinde za udzu wouma apa ndi apo, zotalikirana ngati mano a nkhalamba, khonje wochepa, ndi tizitsamba taminga tolekeza m'mawondo. Anthu ankangoti ndi pachipululu. Koma Hawkins anagwirapo ntchito yodula mapiri popanga misewu ku Zimbabwe, ndipo anaona ndi maso ake momwe mizu ya udzu wotere imalowera pakati pa magawo a mwala n'kuwasoka pamodzi ngati ulusi wa telala. Ukasolola ulusiwo, phiri limasosoka.

Kumunsi kwenikweni kwa mtsetsewo kunali nyumba ya njerwa zofiira ndi malata adzimbiri. Anaimanga ndi bambo ake a Hawkins, ndi njerwa zoumba okha. M'nthawi ya chipani chimodzi, mnansi wawo, a Raymond Mpaso, anakawanenera bodza kuti ang'amba khadi la chipani. Bambowo anatengedwa usana dzuwa likuswa mtengo. Anabwerako patapita zaka, akutsokomola magazi, n'kupeza a Mpaso atakhala pakhonde pawo, amayi ake a Hawkins ndi ana akuchita lendi kachipinda ku Ndirande. Bambowo sanakhalitse, anamwalira. Hawkins anathawa m'dziko maliro atangotha, ali mnyamata wopanda ngakhale bulangete. Tsopano anali ndi malole, golosale ku Limbe, ndi mtima womwe sunaiwale kanthu. Mlandu suwola.

Chilimwe chonse amayi anazula. Pofika Novembala mtsetse unali mbee, ngati mutu wometa mpala, ndipo Hawkins ankatamandidwa m'maminibasi kuti ndi munthu wa anthu.

Mlongo wake Ursula yekha ndiye sanawombe m'manja. Anamupeza kugolosale akuuza anyamata za mvula ya matalala ya ku Joni yoboola magalimoto.

"Achimwene, tabwerani kuno," anatero, namukokera kuseri kwa matumba a shuga. "Anthuwa mwawapusitsa, koma ine tinayamwa bere limodzi. Chifundo chimenechi mwachiyamba liti? Inu amene simugawa ngakhale switi?"

"Kodi kuthandiza amayi kwasanduka tchimo, achemwali?"

"Musandiyankhe zapamsonkhano. Mukufuna phiri ligwere a Mpaso."

Hawkins anaseka, koma maso ake sanaseke nawo. "Ine sindinakhudze munthu. Sindinapite kupolisi, sindinapite kwa sing'anga. Iwo anatuma lilime, ine ndatuma mvula. Akandisumire kwa Mulungu."

"Nyumbayo ndi ya ababa."

"Ababa ali kumanda. Ndiye ndiziona munthu uja akuwothera dzuwa pakhonde pawo mpaka liti? Ngati sitigonamo ife, asagonemo aliyense."

"Nanga zidzukulu zawo? Mukudziwa kuti tiana timagona chipinda chakuseri, chomwe chayang'ana phiricho? Chipinda chathu chija? Nkhuyu adye akulu, zipote ana?"

Ursula ananyamula dengu lake n'kutuluka osatsanzika.

Mawuwo anamukhala pakhosi ngati munga wa usipa. Kubwezeretsa udzu sikukanatheka, ndipo kunena zoona sankafuna. Ankafuna a Mpaso aone ndi maso awo, aime panja opanda denga monga anaimira amayi ake. Koma maliro a mwana sanali m'mapulani mwake. Mvula yoyamba itagwa, timiyala titayamba kugogoda pakhoma lakuseri, anatsikira kunyumbako koyamba chichokereni.

A Mpaso anali pampando wandalema, atakalamba, tsitsi lili mbuu, koma khosi lidakali louma.

"Odi, bambo."

"Ee, a Joni! Mwabwera kudzationetsa nsapato?"

"Ndabwera kudzakuuzani chinthu chimodzi. Ana asamagone kuseriko."

"Nyumba yanga mundiuze ndinu kogona ana?"

"Yanu?" anatero Hawkins. "Njerwa imodzi yokha yomwe munaumba inu ndi iti? Ndilozereni."

"Zakale zimenezo, mphwanga. Boma lija linapita. Masiku ano tikuti tikhululukirane."

"Amene mukuti akukhululukireniyo munamukwirira kale. Ine ndanena. Ana achoke kuseriko."

Mkuluyo analavula malovu pambali. Koma akazi awo anamva zonse ali pawindo, ndipo madzulo omwewo anthu anawaona akusamutsira mphasa ndi tizovala ta ana kuchipinda chochezera.

Mvula yeniyeni inabwera mu Januwale. Inagwa masiku otsatizana osapuma, mitsinje ya m'makwalala inadzaza, maminibasi ankathera panjira. Tsiku lina masana Hawkins anakhala mu lole yake pamwamba paja, injini atazimitsa, akuyang'ana kumunsi. Poyamba madzi ankatsika ofiira m'tingalande. Kenako mtsetse unachita ngati ukupuma. Panang'ambika mng'alu wautali kuchokera pomwe panali khonje, ndipo chigawo chonse chinanyamuka mwaulesi, n'kuyamba liwiro, miyala ikulira ngati mbale zikusweka m'nyumba ya anthu okangana. Khoma lakuseri linagwada. Denga linapendama, linaima kaye ngati likuganiza, kenako linagona.

"Eyaa!" Hawkins anamenya chiwongolero. "Ababa, mwaona? Mwaona, ababa?"

Anatsika ndi ambulera yake yaikulu, akuzungulira njira ya kumsewu. Mawu oti akanene anali nawo kale. Anawakonza m'magalimoto a katundu, m'mahositelo a ku migodi, m'mizere ya pachipata cha dziko, ndipo chaka chilichonse ankawanola.

Anapeza anthu atadzaza. Ana anali amoyo, atakulungidwa m'chitenje chimodzi pakhonde la mnansi, akulira. A Mpaso anali m'matope olekeza m'mawondo, opanda nsapato, akufukula ndi manja. Atamuona anaweramuka. Mvula inkatsika m'makwinya a nkhope yawo.

"Mwana wa Namaona," anatero ndi mawu osasa. "Si uwu mudzi wa bambo ako? Tenga. Ife tikupita kwa mwana wathu ku Machinjiri."

Sanadikire yankho. Anatola ketulo yophwanyika n'kuyamba kuyenda, akazi awo ndi tiana pambuyo.

Hawkins anatsegula pakamwa kuti mawu aja atuluke, koma msana wa nkhalamba ulibe makutu. Anthu nawo anayamba kubalalika, ena akuti ndi tsoka, ena akuti Mulungu sagona. Palibe anamuloza chala. Anapambana bwinobwino, mopanda mboni.

Anayang'ana malo omwe anabwezedwa. Kumtunda mwala unkayoyokabe, ndipo iye ankadziwa kuposa wina aliyense kuti uziyoyoka dzinja lililonse, kuti pamenepa sipadzaimanso khoma. Anapalasa matope ndi phazi pomwe panali chipinda chakuseri, ndipo njerwa ina inatembenuka. Anaitola kuti aiponye kutali, koma mvula itaitsuka anaona kuti pamimba pake pali chidindo: kaphazi ka mwana, tizala tonse tikuoneka.

Anakumbuka. Tsiku lina akuthamangitsa nkhuku anaponda njerwa yaiwisi pabwalo. Anadikira mbama, koma bambo ake anangoseka, nati imeneyo isaphwanyidwe, iwotchedwe ndi zinzake, mwini nyumba wasaina.

Hawkins anaika ambulera pansi. Anayala chikhato chake pa kaphaziko, ndipo konse kanabisika m'dzanja lake.