Ndinatchula Keziya

Chaka cha 1954, pamene mkazi wanga Elinata anali ndi pakati poyamba, ine ndinali mkamwini kwa Zingalume, m'mudzi wa a Mailosi, amalume ake a Elinata. Kwathu n'kwa Mlolo, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi. Munthu amene sanalaweko chikamwini asandiuze kanthu. Umalima munda wa eni, umafolera nkhokwe za eni, ukangotsokomola akuti wayamba matama. Mkazi ndi wako, inde, koma mwini wake weniweni ndi malume.

Mlongo wanga anafera m'chikuta, mwana ali m'mimba, azimayi akumuuza kuti alimbe mtima. Chimenecho sichinandichoke. Tsono mimba ya Elinata itakwana miyezi isanu ndi iwiri ndinayamba kukonzeka, koma mobisa, pakuti kumeneko kukonzera mwana asanabadwe amati n'kuitana tsoka. Ndinadula nsungwi ziwiri zokhwima kudambo, ndinasoka masaka atatu a mtedza ndi chingwe cha khonje, ndipo anatuluka machila abwino ndithu. Chipatala cha mishoni chinali mtunda wa maola anayi. Amuna anayi amphamvu akanamufikitsa dzuwa lisanapendeke.

Elinata anawapeza kuseri kwa nkhokwe, pansi pa udzu, ndipo anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Inu a Banda, mukufuna andinyamule ngati mkazi wa bwanamkubwa?"

"Ndikufuna ukhale ndi moyo, basi."

"Ndikhala. Wamantha ndinu."

Masiku amenewo tinkakondana, ndinene poyera. Ankandisungira mbatata yootcha m'chitenje n'kundibweretsera kumunda amayi ake osadziwa.

Anamkungwi anali atandilangiza kale. Mkazi akakhala ndi pakati mwamuna sapita kwa mkazi wina. Akapita, mwana amapingasa pa njira osatuluka, ndiwo amati mapinga, ndipo mankhwala ake sagwira mpaka wolakwayo ataulula dzina. Ine ndinamva ndipo ndinasunga. Ndinali munthu wa mpingo, komanso ndinalibe mtima wina. Sindinakhudze ngakhale nsonga ya nsalu ya mkazi aliyense.

Matenda a Elinata anayamba Lachiwiri m'mawa. Azimayi analowa naye m'nyumba ya amayi ake, ine anandithamangitsira pansi pa mtengo wa mango ngati nkhuku yofuna kudya ufa. Lachitatu masana ndinali pomwepo. Dzulo lake Elinata ankakuwa mudzi wonse kumva. Tsopano ankangobuula pang'onopang'ono, ndipo kubuula kumeneko ndinkakudziwa, ndinakumvapo kwa mlongo wanga.

Ndinakoka machila aja n'kuwagwetsa pakati pa bwalo.

"Andreya, Agostino, gwirani uku. Tipeze wina m'modzi tinyamuke."

Anyamata akuluakulu, ndevu zili pepeya, anangoyang'ana zala za kumapazi. Onsewo anali abale a mkazi wanga. Wanga ine panalibe ndi m'modzi yemwe.

A Mailosi anadzuka pa mpando wawo mosafulumira.

"Mkamwini, mbumba iyi ndi ya yani?"

"Ndi yanu, amalume. Koma akufa."

"Ndiye mwiniwake sindinalankhule. Ikani pansi nsungwi zanuzo."

Pamenepo anatuluka mzamba, a Natembo, manja ali chonyowa. Ananjuta chapatali monga mwa ulemu, koma mawu awo analibe ulemu.

"Mwana wafika pa khomo koma wina wamutsekera. Mkazi tamufunsa usiku ndi usana, alibe mlandu. Mwatsala inu, bambo. Munapita kwa yani?"

"Sindinapite kwa munthu, amayi."

"Onse amayamba choncho."

Ndinalumbira pa Mulungu, ndinalumbira pa manda a mlongo wanga. Apongozi anga aakazi, amene mwambo sunkawalola kundiyang'ana kumaso, anakuwira kuseri kwa mpanda kuti ndawaphera mwana ndi chiwerewere changa. Dzuwa linkapita. Ndinawerenga m'mutu maola anayi aja n'kuona kuti akutha ndili chiimire.

"Ululani," anatero a Mailosi. "Mukaulula, a Natembo achite zawo, kenaka anyamatawa anyamule machila anuwo kupita kumene mukufunako. Musanaulule, sachoka m'nyumba muno."

Choncho ndinanama. Ndinati kunali mkazi wina ku Walale, kunja kwa dziko lino, pa famu ya fodya pamene ndinkagwira ntchito ndisanakwatire.

"Munabwerako liti?" anafunsa a Natembo.

"Zaka zitatu zapitazo."

"Zimenezo zinaola kale. Tikufuna wa mimba ino. Wapafupi."

M'nyumba muja kubuula kunaleka. Ndinatchera khutu, osamva kanthu.

Nthawi yomweyo Keziya ankalowa m'bwalo ndi mtsuko pamutu. Anali mkazi wamasiye wa mumpingo mwathu, amene anabwera m'mudzimo potengedwa ndi mwamuna wake kuchokera kutsidya kwa malire, ku Chipwitikizi. Mwamunayo atamwalira anatsala ndi ana awiri, wopanda malume, wopanda mlongo. Kuyambira Lachiwiri ndiye ankatungira madzi azamba, maulendo osawerengeka, popanda womutuma. Mwezi wa Ogasiti amuna a mpingo tinamufolerera nyumba, ine ndili pa denga, anthu onse akuona.

Sindinganene kuti dzina linangondipulumuka. Ndinasankha. Ndinayang'ana bwalo lonse kufuna mkazi amene palibe adzamuimire, ndipo ndinamupeza, mlendo mnzanga.

"Keziya," ndinatero.

Anatula mtsuko bwinobwino, osataya ngakhale dontho. Ankaganiza kuti ndikumuitana.

"Wawa, a Banda?"

Azimayi anamugwira mikono. Atamva chimene ndanena sanakuwe, sanatukwane. Anangondifunsa, "A Banda, ine?" Ndinayang'ana kumbali. A Natembo anabweretsa chikho cha madzi a mizu, anatisambitsa m'manja tonse awiri m'menemo, nalowa nacho m'nyumba.

A Mailosi anasunga mawu awo, zimenezo sindingawanamizire. Anakodola anyamata. Andreya anagwira nsungwi kutsogolo, Agostino kumbuyo, wachitatu anathamangira kukatenga bulangeti. Ine ndinali kumanga chingwe chimene chinamasuka pamene m'nyumba munamveka kulira kwa khanda. Kenaka nthungululu.

Mwana wamkazi, wamoyo. Mayi wake wamoyo.

Ndinakhala pansi m'fumbi n'kulira ngati mwana. Ndinathokoza Mulungu, ndipo ndili pakati pothokoza ndinamva a Natembo akuuza bwalo lonse, "Mwaona? Angotchula, njira yatseguka."

Mpaka lero sindidziwa chimene chinachitika m'nyumba muja. Kapena mwana anatembenuka yekha, kapena nthawi yake inali itangokwana. Chimene ndidziwa n'chakuti ndikanapirira pang'ono pokha, nthawi yosakwana kuphika ndiwo, mwana akanabadwa ine ndili wosalakwa.

Keziya sanathe sabata. Azimayi analeka kumuyankha moni pa chitsime, akulu a mpingo anatiimitsa tonse awiri pa mgonero, ndipo abale a malemu mwamuna wake analanda munda. Loweruka m'mawa anamanga mphasa ndi miphika, mwana wina kumsana wina pa dzanja, kulowera kumalire. Ndinamuona ndili m'munda. Sindinapite kukamupepesa, ndinaopa kuti anthu anena kuti tikutsazikana. Ndinali wamantha, monga ananenera Elinata, koma osati mantha amene iye ankaseka aja.

Ndinayesa kubweza mawu anga. Ndinauza a Mailosi kuti ndinanama pofuna machila anyamuke. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mkamwini, zatha. Takukhululukirani. Musadzivute."

Kukhululukidwa chinthu chimene sunachite kumawawa kuposa kutukwanidwa.

Mchombo wa mwana utagwa anandilola kulowa. Unali m'mawa, Elinata atakhala pa mphasa, wowonda, milomo yosweka. Anandipatsa mwana osandiyang'ana. Kanali kopepuka, katsitsi kambiri, kakugona. Ndinali nditakonza mawu sabata yathunthu.

"Elinata, mvera. Kwa Keziya sindinapiteko. Sindinapite kwa wina aliyense. Ndinanama kuti akunyamule."

Anakonza kansalu kumapazi kwa mwana.

"Kupitako sindikudandaula kwambiri," anatero. "Amuna mumapita. Chimene chikundiwawa n'chakuti munakhala pansi pa mango masiku awiri, mukundimva ndikufa, inu muli phee kusunga dzina la mkazi wanu winayo."

"Ndikulumbira, panalibe dzina loti ndisunge."

Apo ndiye anadzutsa maso. Munalibe ukali m'maso mwakemo, ndipo ndikanakonda ukali. Anatambasula manja n'kutenga mwana m'manja mwanga.

"Ngati munanama, a Banda, nanga uyu anatuluka bwanji?"